Tsiku Limene Bwana Mfuti Analoleza Maliro a Achimwene

Ulendo womaliza kuwaona achimwene anga a Fanuwelo ali moyo, anali chiimire pakati pa msika wa Ingoonani, mvula ikuwakhuthukira pamsana, malaya a yunifolomu atavula. Malayawo anali atafunditsa bwana wawo. Bwanayo anali mfuti.

Ine ndinali pakhonde la telala, pamene ndimalembera zikwangwani chisiyireni koleji. Ndinawakuwira kuti adzabisale.

"Achimwene, mufa nayotu mvulayi!"

"Sindingasunthe, mphwanga, andiika pano," anatero mano akugundana. "Ngati uli ndi ambulera bwera nayo."

Ndinathamanga nayo. Anailandira n'kuitchingira kamtolo kanali m'khwapa mwawo, mutu wawo n'kutsalabe pamvula. Kenako anafunyulula malaya aja pang'ono kuti ndione. Mfutiyo inali m'pepala la shuga la pulasitiki, lomangidwa bwino kukamwa ndi kamphira.

"Waona? Ngakhale dontho," anatero monyadira, n'kuyetsemula. "Ukawauze alamu ako atereke tiyi wambiri."

Ubwana wa mfutiwu unayamba chonchi. Kuyambira kalekale, apolisi a mu ufumu wathu wa Zilibwino ankayenda ndi zibonga, ndipo akuba ankazidziwa, ankazilemekeza. Koma chaka china Mfumu Ndanenakale inakacheza ku ufumu woyandikana nawo wa Tilinazo, n'kukaona apolisi akumeneko ali ndi timfuti ta m'chiuno. Inabwerako itatupa nkhope. Inaitanitsa nduna zonse kunyumba yachifumu ku Ombanim'manja, kumene mwambo wake ndi wakuti nduna zimayamba zaomba m'manja kenako n'kumva nkhani.

"Kodi ziuno za apolisi anga zinalakwa chiyani?" inafunsa Mfumu m'manja mutatha.

Palibe anadziwa chimene ziunozo zinalakwa, choncho anagwirizana kuti mfuti zigulidwe. Ntchitoyo inagwera Nduna ya Zogulagula, a Chidyeretu, bambo a akazi awiri. Mkazi aliyense anali ndi mlongo wake wochita malonda, ndipo pofuna mtendere m'makomo onse awiri, a Chidyeretu anapatsa mlamu wa kwa mayi aakulu ntchito yogula mfuti, mlamu wa kwa mayi aang'ono ntchito yogula zipolopolo. Alamu awiriwa sankapatsana moni chichitikireni mkangano wina wa pa ukwati. Wina analowera kum'mawa, wina kumadzulo. Katundu atafika, mfuti zinali zazing'ono zokongola, zipolopolo zinali zonenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi. Anayesa kuzilowetsa cha kumbuyo, cha kutsogolo, cha m'mbali. Zinakana.

A Chidyeretu sananjenjemere. Anagwada pamaso pa Mfumu n'kunena kuti, "Mwinidziko, mfutizi tagula zanthete dala, kuti zikulire m'manja mwathu, zizolowere nyengo ya kuno. Zikasamalidwa bwino zikula, zipolopolo zidzalowa zokha."

Mfumu inakondwa kwambiri moti tsiku lomwelo inatulutsa malamulo. Mfuti izidzozedwa mafuta m'mawa uliwonse ngati khanda. Mfuti isanyowe. Mwezi ukatha, mfuti zonse zizipita kusikelo kuti aone ngati zanenepako. Ndipo poti mfutizo zinawoloka nyanja yamchere pa sitima, pamene konsitabo aliyense wa mu Zilibwino sanapitepo patali kuposa kwa apongozi ake, zinaoneka kuti mfuti ndiyo yodziwa zambiri. Iliyonse inapatsidwa udindo wa Insipekitala. Konsitabo akadzuka ankayamba waimenyera saluti, kenako n'kuimanga m'chiuno.

Mafuta enieni a mfuti sanabwere. Amenewo amayenera kugulidwa ndi mlamu wachitatu, koma a Chidyeretu anali asanapeze mbeta. Ndiye apolisi ankagula mafuta ophikira, a m'timapepala tomangamanga, kwa Abiti Mdoka, mayi wa benchi yoyamba polowa mumsika. Mafuta ophikira ali ndi abale awo. Pasanathe sabata nyerere zinasamukira m'ziuno za apolisi, ndipo pa perete wa tsiku lobadwa la Mfumu gulu lonse linkangotinyula ziuno likuguba. Mfumu inaimirira, misozi ili m'maso, n'kulengeza kuti gule ameneyu aziphunzitsidwa m'sukulu. Zipolopolo zija, podikira kukula kwa mfuti, ankaseweretsa bawo kuseri kwa polisi.

"Bwana wanu wadzuka bwanji, a Fanuwelo?" ankafunsa choncho Abiti achimwene akabwera kudzagula mafuta. "Mano ayamba kumera?"

"Akungodya osakula, mayi."

"Muwayese phala la soya."

Achimwene ankaseka nawo. Sanali opusa. Kunyumba ankatha kuwaseketsa alamu anga, a Nangondo, mpaka kugwetsa chipande, akutsanzira mmene a Komishonala Gwedeza, mkulu wa apolisi onse, amagwadira popereka moni kwa mfuti yawo. Kungoti achimwene anali munthu woti ukamupatsa chinthu kuti asunge, amasunga. Anandisunga ine bambo atamwalira. Nkhuku yothyoka mwendo ankaimanga ndi kansungwi. Atawapatsa kachitsulo n'kuwauza kuti kasanyowe, sikananyowe.

Tiyi uja anamwa, koma chibayo chinali chitalowa kale. Sabata isanathe, m'mawa wina, anamwalira m'nyumba yawo kumalaini a polisi.

Alamu atangoyamba kulira, a Komishonala Gwedeza anatulukira pakhomo, mimba patsogolo, iwo pambuyo. Anayamba amenyera saluti mfuti ya achimwene, imene inali pampando itafundabe malaya aja, kenako anatembenukira kwa ife.

"Mayi, phokosoli ndi la chiyani?"

"Amuna anga atisiya, bwana."

"Atisiya? Ndi chilolezo cha ndani?"

Alamu analoza pabedi pamene panagona achimwene.

"Lamulo likuti wapolisi sachoka pa ntchito popanda chilolezo cha bwana wake," anatero a Komishonala. "Imfa ndi kuchoka pa ntchito. Bwana wa Konsitabo Fanuwelo Mkwapatira ndi a Insipekitala ali pampandowo. Mwawamva akuloleza?"

"Sayankhula, bwana."

"Ndiye kuti sanaloleze. Konsitabo ali pa ntchito. Pukutani misozi, mungaimbidwe mlandu wofalitsa mphekesera."

Tinayesa kupita nawo kumochale. Wapakhomo anasuzumira m'galimoto, anagwedeza mutu mwachisoni, n'kunena kuti kumeneko amasunga akufa okha, wapolisi wogona pa ntchito apite naye kwa akuluakulu ake. Tinabwerera nawo. Adzukulu, amene amakumba manda, anati makasu ali okonzeka, koma kukumbira manda munthu amene ufumu ukuti ali moyo ndi mlandu wofuna kupha. Amayi a kutchalitchi anabwera n'kukhala pansi m'nyumba monga amachitira pa siwa, koma wapolisi akadutsa ankati akuphunzira kwaya. Pa perete wa m'mawa dzina la achimwene linkaitanidwa, mnzawo wina n'kuyankha kuti, "Alipo, bwana, ali phee!" A Komishonala anafika powatchula ngati chitsanzo cha mwambo: wapolisi wosadandaula, wosapempha tchuthi, wosasuntha pamene wamusiya.

Mvula inakata, dzuwa la Januwale linabwera ndi ukali wake wonse. Alamu anatsegula mawindo, anayala masaka onyowa, anathyola masamba a mandimu n'kuwaza m'chipinda. Ankakhala pambali pa bedi akukupiza ndi chivindikiro cha ndowa, osalira, chifukwa kulira kunali koletsedwa. Tsiku lililonse amayi a kwaya ankasendera pafupi ndi khomo, kuthawa fungo.

Ine ndinachita chimene ndimadziwa. Ndinadula lata, ndinalipaka penti yakuda, n'kulemba ndi yoyera dzina lawo ndi tsiku lobadwa. Ndinalemba mawu akuti ANAMWALIRA, n'kuima pomwepo. A Komishonala anali atandichenjeza kale kuti bulashi yanga ikangodutsa pamenepo, ndikagona m'chitokosi.

Chikwangwanicho chinakhala pakhonde la telala, ndipo msika wonse unkabwera kudzachiwerenga.

"Ndiye kuti nafenso tiziyamba tapempha?" anafunsa wogulitsa makala.

"Iwe ulibe bwana, ungofa mmene wafunira," anayankha telala. "Ndi ufulu wokhawo watsala, usaunyoze."

"Amuna anga aja akadakhala apolisi bwenzi ali moyo mpaka lero," anatero mayi wina wa tomato. "Ndikanangowaika pakhonde."

Abiti Mdoka sanaseke. Anali atachokera kumalaini, ndipo anali atamva mmene m'nyumbamo munkamvekera. Anamanga chitenje chawo mwamphamvu, n'kuvindikira mafuta awo ndi thumba.

"Mwana wa eni akuwonongeka pabedi ife tikuseka pano," anatero. "Amayi, tsekani mabenchi. Tikaombe m'manja."

Anapita gulu, alamu ali pakati, ine pambuyo. Ku Ombanim'manja tinagwada pabwalo n'kuomba m'manja mpaka zikhatho kutentha, ndipo Mfumu, imene siitha kupirira kumva m'manja ili m'nyumba, inatuluka ndi nduna zake.

"Mwinidziko," anayamba Abiti, "ife sitikutsutsa lamulo. Lamulo ndi labwino, lonenepa, lokula msanga kuposa zinthu zina. Tangobwera kudzafunsa kuti bwana Insipekitala akafuna kuvomera, amavomera bwanji? Mwina anavomera kale ife osamva, poti sitinawolokepo nyanja."

Funsoli linavuta. Nduna ina inati mfutiyo aiike pamadzi, ikayandama ndiye kuti yalola, koma anaikumbutsa kuti mfuti sinyowa. Ina inati aifunse kudzera kwa mfuti inzake. A Chidyeretu anapempha kuti pakhazikitsidwe komiti yoti ikaphunzire nkhaniyi kunja, ndipo anadzipereka kuitsogolera. Mfumu inakweza dzanja.

"Galu amauwa, tambala amalira, mfuti imaphulika," inatero. "Lolemba tidzaifunsa pamsika, anthu anga onse akuona, kuti adziwe kuti ufumu uno umamva madandaulo. Tidzaifunsa katatu. Ikaphulika, yalola. Ikakhala chete, Konsitabo apitirize ntchito. Ndanena kale."

Nduna zinaomba m'manja. Ifenso tinaomba, poti tinali titagwada kale. Koma tinabwerera opanda chiyembekezo, chifukwa aliyense mu Zilibwino, kupatula Mfumu, ankadziwa kuti chifikireni mfutizo palibe ngakhale imodzi inatulutsapo mawu.

Lolemba msika unadzaza. Anamanga chisakasa cha Mfumu pafupi ndi mabenchi a tomato. Achimwene tinabwera nawo m'bokosi, limene a Komishonala analola pokhapokha titalitchula kuti bedi la ntchito lokhala ndi chivindikiro. Analiika patali pang'ono ndi chisakasa, kumene mphepo inkalowera. Alamu anagwada pambali pake, amayi a mumsika atawazungulira.

Mfuti inabwera pa pilo. A Komishonala anaivula malaya a achimwene n'kuwaponya pansi, anamasula kamphira, anaisolola m'pepala la shuga lija, nalonso n'kuliponya pansi. Alamu anakwawa n'kutola zonse ziwiri. Palibe anawaletsa. Zinali zinyalala.

A Komishonala anamenya saluti, anakweza mfuti kumwamba, nkhope atayang'anitsa kumbali, diso limodzi atatsinzina.

"Bwana Insipekitala! Konsitabo Fanuwelo Mkwapatira akupempha kuchoka pa ntchito pa chifukwa cha imfa. Kodi mukulola?"

Anakoka kachitsulo koombera. Mfuti inati, ke.

"Ikuganiza," anatero a Chidyeretu, akupukuta thukuta. "Mabwana enieni sayankha msanga."

A Komishonala anafunsa kachiwiri, mokweza, ngati akuyankhula ndi nkhalamba yogontha. Mfuti inati, ke. Ntchentche zinali zitayamba kusonkhana pa chivindikiro cha bedi la ntchito.

"Mwinidziko," anatero a Chidyeretu, "mwina tidikire tikakolola. Ikhala itakulako."

"Ndinati katatu," inatero Mfumu.

Ndinayang'ana alamu. Anali atakwirira nkhope m'malaya a achimwene, mapewa akukwera ndi kutsika. Mtima unandiwawa, ndinaganiza kuti kulira kwawapambana ndipo awamanga. Kenako ndinaona Abiti Mdoka akutambasula chitenje ngati akuchikonza, mayi wa tomato akusendera kumanzere, wina kumanja, mpaka alamu anabisika. Pakampata kamene kanatsala ndinaona pepala la shuga likufufuma pansi pa malaya. Sankalira ayi. Ankauzira.

"Bwana Insipekitala!" anakuwa a Komishonala. "Kachitatu komaliza! Kodi mukulola?"

Phuu!

Sindinadziwe kuti pepala la shuga lingathe kubalalitsa ufumu. A Komishonala anaponya mfuti kutali, n'kuimenyera saluti ikadali m'malere. Apolisi a perete anathawira mbali zonse, ena akutinyulabe ziuno. Oimba malipenga anasiya malipenga. Nduna zinapanikizana pakhomo la chimbudzi cholipiritsa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya msikawo munalowa anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi. Mfumu Ndanenakale inapezeka pansi pa benchi ya tomato. Koma wodabwa kuposa onse anali a Chidyeretu, amene anangoima pakati pa bwalo, kukamwa yasa.

"Yakula," ananong'ona. Kenako anakuwa, "Mwinidziko, yakula! Ndinanena ine!"

Abiti Mdoka anaimirira, anayang'ana uku ndi uku, n'kukweza manja.

"Mwamva nonse, bwana alola," anatero. "Amayi, lirani."

Kulira kumene kunatuluka pamenepo sindidzakuiwala. Kunali kutasungidwa masiku onse aja m'mimba mwa anthu, m'nyimbo za kwaya yabodza, m'chivindikiro cha ndowa. Alamu anagwera pabokosi n'kuitana amuna awo ndi dzina limene ankawaitana ali awiri, limene ine sindinkalidziwa. Wogulitsa makala analira, telala analira. Ngakhale apolisi ena anabwerera kuchokera kumene anabisala, anavula zipewa, n'kuima chapatali nyerere zikuwaluma, osasuntha.

Mfumu inatuluka pansi pa benchi, nthangala za tomato zili pachisoti, n'kudikira kuti aiombere m'manja. Poona kuti anthu atanganidwa, inadziombera yokha pang'ono, n'kuyamba kulengeza. Tsikulo likhala la tchuthi chaka chilichonse, lokumbukira Kuyankhula kwa Mfuti. Mfutiyo yakwezedwa udindo, ndipo kuyambira tsopano iziyenda pa galimoto yakeyake. A Chidyeretu alandira mendulo ya kuona patali, komanso ufumu uwathandiza kupeza banja lachitatu kuti nkhani ya mafuta ithe. Pomaliza, Konsitabo Fanuwelo Mkwapatira wamwalira lero, Lolemba, pamsika, mwamtendere, atalandira chilolezo, ndipo ufumu ukuthokoza bwana wake chifukwa cha chifundo.

"Zoona," anatero mayi wa tomato akupukuta m'maso. "Amaoneka athanzi m'mawawu."

Adzukulu anathamanga ndi makasu, ndipo dzuwa lisanapendeke manda anali atakonzeka. A Komishonala, atapezanso chipewa chawo, anabwera pakhonde la telala kudzaimirira kumbuyo kwanga kuti aone ndikumaliza chikwangwani.

"Ulembe la lero, mnyamata. Manambala akuluakulu, oti Mfumu iwerenge ili m'galimoto."

Ndinalemba la Lolembalo. Dzanja langa ndi labwino, ngakhale aphunzitsi a kukoleji ankanena. A Komishonala anayang'ana, anapendeketsa mutu, n'kunena kuti ufumu ukufunika achinyamata omvera ngati ine. Kenako anathamangira kukaperekeza mfuti ku galimoto yake.

Kumanda alamu anapempha kuti atsegule bokosi pang'ono. Anaikamo malaya aja, atawapinda bwino, kuti amuna awo asapite osavala kachiwiri. Pepala la shuga long'ambikalo anamanga pa nsonga ya chitenje.

"Limeneli ndi langa, alamu," anandiuza. "Ndi lokhalo linandimvera."

Anthu akuimba nyimbo yomaliza, ndinakhala pansi kuseri kwa mtengo, chikwangwani chili pamiyendo. Ndinachitembenuza. Kumbuyo kwake, m'munsi, pamene pamakwiririka ndi dothi chikazikidwa, lata linali loyera. Ndinatulutsa kabulashi kakang'ono kamene ndimalembera manambala a foni. Ndinakumbukira m'mawa uja: kapu ya tiyi ikuzizira pawindo, ambulera yanga itatsamira kukhoma, alamu akuwatseka maso ndi zala ziwiri, mfuti ili pampando, youma bwinobwino.

Ndinalemba tsiku lenilenilo, ndinauzira kuti penti iume, n'kupereka chikwangwani kwa adzukulu. Anachizika mozama, n'kupondaponda dothi.

Lachinayi, pa 23 Januwale.